Mafunso ndi mayankho: nyamakazi ya rheumatoid ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha

Anthu ambiri odwala nyamakazi ya rheumatoid amangouzidwa za mafupa basi, kuti zala zingapindike, mawondo angaonongeke, muzimwa mankhwala osadumphitsa. Nkhani ya magazi kuundana m'mitsempha simatchulidwa kawirikawiri, ena amaimva koyamba ataiwerenga pa kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ena mwendo utatupa kale. M'munsimu muli mafunso amene odwala ndi owasamalira amakonda kufunsa.

Nyamakazi si matenda a mafupa kodi, nanga magazi akubweramo bwanji?

Zimatengera nyamakazi yake. Pali ija ya ukalamba imene imabwera chifukwa chichereŵechereŵe cha molumikizana mafupa chaperepeseka, imeneyo vuto lake limakhala pamalo pomwepo. Ya rheumatoid ndi ina, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo, nde kutupa kumene mumakuona pa zala ndi pa mawondo ndi kumene kumaonekera kunja chabe, koma tinthu toyambitsa kutupako timayenda m'magazi thupi lonse. N'chifukwa chake matendawa amatha kukhudza mapapo, maso, mtima, amachepetsa magazi m'thupi, munthu kumangomva kutopa ngati walima tsiku lonse chonsecho wangodzuka kumene. Mitsempha nayo siyotsala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi.

Kuundana kumene mukunenaku kumachitikira pati?

Magazi kuundana pa bala ndi bwino, popanda zimenezo kudzicheka ndi lumo kukanakhala ngozi. Vuto ndi pamene aundana mkati mwa mtsempha popanda bala. Kawirikawiri zimachitika m'mitsempha ya mkatikati mwa mwendo imene imabweza magazi kupita ku mtima, m'katumba, kuseri kwa bondo kapena m'ntchafu, madokotala amati DVT. Magaziwo amalephera kudutsa bwino nde mwendo umatupa ndi kupweteka. Choopsa kwambiri ndi choti kachidutswa ka magazi oundanawo kakhoza kuthothoka, kuyenda ndi magazi, kudutsa mu mtima n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Imeneyo ndiye PE, ndipo kachidutswako kakakhala kakakulu munthu amatha kufa pompo.

Chiopsezocho ndi chachikulu bwanji, tichite mantha?

Mantha ayi, koma kudziwa. Mwa anthu wamba, chaka chilichonse munthu 1 kapena 2 pa 1,000 alionse amapezeka ndi vutoli. Kwa odwala nyamakazi ya rheumatoid kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amapeza kuti chiopsezo chimakwera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu a msinkhu wawo amene alibe matendawa. Kawiri kamamveka koopsa koma taonani manambalawo, odwala ambiri sadzakumana nazo moyo wawo wonse.

Kafukufuku amene ine ndimaona kuti aliyense wodwala akanayenera kumudziwa ndi wa ku Sweden amene anatuluka mu 2021. Anatsatira odwala oposa 46,000 ndipo anapeza kuti mwa amene matenda awo anali atakhazikika, munthu pafupifupi 1 pa 200 anapezeka ndi magazi oundana m'chaka chotsatira, pamene mwa amene matenda anali atalusa anali pafupifupi 1 pa 100. Kutanthauza kuti chiopsezochi sichokhazikika, chimakwera ndi kutsika motsatira mmene kutupa kulili m'thupi. Ngati adokotala anu amakuwerengerani DAS28, ija amakudinani mfundo 28 n'kuphatikiza ndi zotsatira za magazi, kuchepera 2.6 ndiye kuti matenda agona, kupitirira 5.1 ndiye kuti avuta.

Koma kwenikweni chimachititsa ndi chani?

Dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, amene anakhalako zaka za m'ma 1800, ndi amene dzina lake limatchulidwa pa zinthu zitatu zimene zimaundanitsa magazi mu mtsempha: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuonongeka, ndi magaziwo kukhala osachedwa kuundana. Tsoka lake nyamakazi ya rheumatoid imakhudza zonse zitatu.

Tiyambe ndi magaziwo. Thupi likatupa, maselo a chitetezo amatulutsa timapuloteni monga IL-6 ndi TNF, timeneti timauza chiwindi kuti chipange fibrinogen wambiri, amene ndi ulusi umene magazi amaundana nawo. Ma platelet, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti aundane, nawo amachuluka, n'chifukwa chake odwala ambiri akayezetsa magazi matenda atalusa amapeza nambala ya ma platelet yakwera. Nthawi yomweyo zinthu zimene zimaletsa kuundana komanso zimene zimasungunula magazi oundana zimafooka. Khoma la mkati mwa mtsempha limene limayenera kukhala losalala limayamba kumata.

Ndiyeno kuyenda kwa magazi. Magazi a m'miyendo amakwera kupita ku mtima chifukwa akatumba amafinya mitsempha mukamayenda, ndipo mawondo ndi mapazi zikamapweteka munthu suyenda, umangokhala pa mpando kapena kugona tsiku lonse, magazi aja n'kumangoima ngati madzi a mu ngalande yopanda potsetsereka amene matope amakhazikika pansi. Bondo lotupa kwambiri limathanso kupanikiza mtsempha umene umadutsa kuseri kwake.

Odwala ena ochepa amakhalanso ndi ma antibody, timapuloteni ta chitetezo cha m'thupi, otchedwa antiphospholipid amene amaundanitsa magazi, awa amapezeka kwambiri mwa odwala lupus, matenda ena a kusokonezeka kwa chitetezo cha m'thupi, koma mu rheumatoid amapezekanso apo ndi apo.

Ine miyendo imatupa kale, imapweteka kale, ndidziwa bwanji kuti ulendo uno ndi zina?

Funso limeneli ndiye lofunika kuposa onse pano. Munthu wodwala nyamakazi wazolowera ululu, wazolowera kudzuka china chake chitatupa, nde mwendo ukatupa amangoti aa yayambanso, n'kumwa mapilitsi opha ululu n'kudikira kuti zipita zokha. Achibale nawonso anazolowera kumva kudandaula. Masiku amatha choncho.

Kusiyana kwake kulipo. Nyamakazi imatupitsa pa mfundo penipeni, pa bondo, pa kakolo, pa zala, ndipo imakonda kugwira mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Imavuta kwambiri m'mawa, mfundo zimauma ola lathunthu kapena kuposa, kenako mukayendayenda zimayamba kumasuka. DVT nthawi zambiri imagwira mwendo umodzi ndipo kutupako kumakhala pa mnofu, katumba yense kapena mwendo wonse kuchokera ku phazi mpaka m'ntchafu. Ululu wake umakhala wolemera, ngati mnofu wakokana koma osamasuka, ndipo mukaimirira kapena kuyenda umawonjezeka m'malo mochepa. Mukagwira pamakhala potentha kuposa mwendo winawo, khungu limatha kufiira kapena kuderapo, kwa akhungu lakuda mtundu suonekera msanga nde dalirani kutentha ndi kukula kwake. Mitsempha ya pamwamba imatha kuonekera kwambiri, ndipo mukadina ndi chala pa msongolo pamatsala kadzenje.

Ngati muli ndi tepi yoyezera, yezani akatumba onse awiri pamalo ofanana, masentimita 10 pansi pa kafupa kotumphuka ka kumunsi kwa bondo. Madokotala amatenga kusiyana kopitirira masentimita 3 ngati chizindikiro. Koma musati poti kusiyana ndi kochepa ndiye kuti zili bwino, DVT ina siitupitsa kwambiri, inanso siipweteka n'komwe. Mwendo umodzi watupa mosiyana ndi mmene mumazolowera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osati tsiku la kiliniki yanu mwezi wamawa.

Ndinamva kuti chotupa cha kuseri kwa bondo chimafanana ndi DVT, n'zoona?

Eya. Bondo likadzaza madzi, madziwo amatha kukankhikira kumbuyo n'kupanga kathumba kotchedwa Baker's cyst, odwala rheumatoid ambiri ali nako. Kakaphulika madzi aja amatsikira m'katumba, mwendo n'kutupa, kutentha ndi kupweteka ndendende ngati DVT, nthawi zina pamaoneka kufiira ngati mkwingwirima pafupi ndi kakolo. Olo dokotala wozolowera sangasiyanitse bwinobwino pongoyang'ana, pamafunika sikani. Ndipo zimatheka munthu kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi poti kathumbako kamapanikiza mtsempha.

Nanga zikafika m'mapapo zimamveka bwanji?

Kubanika kobwera mwadzidzidzi, kupuma wefuwefu mutangoyenda kuchoka kuchipinda kupita pabalaza pamene dzulo munali bwinobwino. Kubaya m'chifuwa kumene kumawonjezeka mukakoka mpweya. Mtima kuthamanga, chizungulire, kukomoka, kutsokomola makhololo a magazi. Sikuti zonsezi zimabwera pamodzi, ena amangomva phuma lokha, ndipo ambiri mwendo sunawavutepo.

Apa napo pali chosokoneza, nyamakazi ya rheumatoid payokha imatha kuononga mapapo, ndipo mankhwala a nyamakazi a methotrexate mwa apo ndi apo amatupitsa mapapo. Kuonongeka kwa mapapo kwa nyamakazi kumabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, pamene PE imabwera m'maola kapena masiku ochepa. Koma kusiyanitsa si ntchito yanu kunyumba. Kubanika kwadzidzidzi ndi kothamangira kuchipatala nthawi yomweyo olo pakati pa usiku, ndipo musadziyendetse nokha pa galimoto.

Ndingasisite kapena kuthowa mwendowo kaye?

Ayi. Osatikita, osafinya. Pitani akakuoneni.

Kuchipatala akachita chani?

Akufunsani mafunso ndi kuyeza mwendo kuti aone ngati DVT ndi yokayikitsa kwambiri kapena pang'ono, pali kawerengedwe kotchedwa Wells score. Kenako ultrasound ya mwendo, amakupakani mafuta aja n'kumadina mtsempha ndi kachipangizo, mtsempha wabwinobwino umaphwatalala akaudina koma umene muli magazi oundana suphwatalala. Siyopweteka. Akakayikira m'mapapo amajambula CT atakubayani mankhwala oonetsa mitsempha.

Palinso kuyeza magazi kotchedwa D-dimer, ndipo apa odwala nyamakazi ayenera kudziwa kanthu kamodzi. D-dimer akatsika amathandiza kutsimikiza kuti magazi sanaundane, koma akakwera sizitanthauza kuti aundana, poti kutupa kwa nyamakazi kumamukweza kale. Nde musadabwe akakuuzani kuti wakwera kenako sikani n'kutuluka yabwino. Uzani amene akukuonaniwo kuti muli ndi rheumatoid ndipo muwatchulire mankhwala onse amene mukumwa, bwinonso kungonyamula mabokosi ake.

Ndikumwa tofacitinib, ndawerenga kuti amaundanitsa magazi. Zoona zake ndi ziti?

Tofacitinib, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Xeljanz, ali m'gulu la mankhwala a nyamakazi otchedwa ma JAK inhibitor pamodzi ndi baricitinib ndi upadacitinib. Ndi mapilitsi, amagwira ntchito msanga, ndipo athandiza anthu ambiri amene mankhwala ena anawakanika. FDA, nthambi yoona za mankhwala ku America, inavomereza tofacitinib mu 2012 koma inalamula kuti pachitike kafukufuku wina wamkulu woona za chitetezo chake. Kafukufukuyo, ORAL Surveillance, anali ndi odwala 4,362 a zaka 50 kupita m'tsogolo, aliyense ali ndi vuto limodzi kapena kuposa loika mtima pachiswe monga kusuta, BP kapena shuga. Ena anapatsidwa tofacitinib, ena majakisoni a TNF inhibitor, otsekereza kapuloteni ka TNF kaja, monga adalimumab ndi etanercept.

Mu 2019 kafukufuku ali mkati zinaoneka kuti amene ankamwa 10 mg kawiri pa tsiku ankapezeka kwambiri ndi magazi oundana m'mapapo, ndipo onse anawatsitsira pa 5 mg kawiri pa tsiku, umene ndi mlingo wovomerezeka wa nyamakazi. FDA inaika chenjezo lalikulu pa mankhwalawa chaka chomwecho, ndipo mu 2021 inaliwonjezera n'kuphatikizapo baricitinib ndi upadacitinib. Zotsatira zonse zinatuluka mu 2022. EMA, nthambi yoona za mankhwala ku Ulaya, nayo kumapeto kwa 2022 inati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, osuta kapena amene anasuta nthawi yaitali, ndi amene ali pachiopsezo cha matenda a mtima kapena khansa, apatsidwe mankhwalawa pokhapokha ngati palibe ena owayenera, komanso kuti pakhale kusamala kwa amene ali kale pachiopsezo cha magazi kuundana.

Tsono onani kuti anthu a mu kafukufukuyo anali achikulire komanso ali ndi mavuto ena kale. Mtsikana wa zaka 30 wosasuta, wopanda mbiri ya DVT, amene matenda ake agona chifukwa cha mapilitsi amenewa, nkhani yake ndi yosiyana ndi ya bambo wa zaka 68 wosuta amene mwendo unamutupapo. Funso loti mukafunse ndi lakuti, adokotala, pa msinkhu wanga ndi mavuto amene ndili nawowa mankhwalawa akadali oyenera kapena pali ena?

Nanga prednisolone, ibuprofen, methotrexate?

Prednisolone ndi amene ine ndimadandaula naye kwambiri, osati poti ndi woopsa kuposa onse koma poti anthu amamuzolowera. Amachotsa ululu msanga nde munthu amangopitiriza, pena kudziwonjezera yekha mlingo matenda akavuta. Ma steroid monga prednisolone amakweza chiopsezo cha magazi kuundana makamaka pa mlingo waukulu ndi miyezi yoyambirira, komanso amanenepetsa, amakweza shuga ndi BP, amafewetsa mafupa. Malangizo a akatswiri ndi oti akhale a nthawi yochepa podikira mankhwala enieni kuti ayambe kugwira ntchito. Koma ngati mwamwa kwa masabata angapo musasiye lero ndi lero, thupi limakhala litachepetsa kupanga homoni yake nde pamafunika kutsitsa pang'onopang'ono.

Ibuprofen, diclofenac, naproxen ndi anzawo, kafukufuku wina wawapeza kuti amayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha DVT, ndipo za mtima, impso ndi zilonda za m'mimba ndiye n'zodziwika kale. Mlingo wochepa umene ukuthandiza, masiku ochepa mmene mungathere.

Methotrexate si mankhwala amene amadziwika ndi kuundanitsa magazi, ndipo poti amagonetsa matenda amakhala kumbali yanu. Amakweza kanthu kena m'magazi kotchedwa homocysteine koma folic acid amene amakupatsani limodzi uja amathandiza pamenepo, musamamuone ngati kapilitsi kongowonjezera. Paja methotrexate ndi kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse.

Ndiye bwanji ndingosiya mankhwala onse kuti ndipewe zimenezi?

Kumeneko ndiye kulakwitsa kwakukulu kumene munthu angachite akawerenga nkhani ngati ino. Mukasiya mankhwala matenda amalusa, kutupa kumakwera, mumasiya kuyenda, kenako mumathera pa prednisolone wambiri, zonse zitatu n'zokweza chiopsezo chomwe mukuthawacho, kuphatikiza apo mafupa akuonongeka osadzabwereranso. Manambala a ku Sweden aja akunena zomwezi. Ngati mankhwala ena akukudetsani nkhawa njira ndi kusintha, ndipo osintha ndi adokotala. Pokhapokha ngati mukumwa JAK inhibitor ndipo mwaona zizindikiro za DVT kapena PE, apo musamwe mlingo wotsatira mpaka akuoneni, ndipo akuoneni tsiku lomwelo.

Ndani ali pachiopsezo kwambiri mwa odwalawa?

Chachikulu kuposa zonse ndi ngati zinakuchitikiranipo kale. Kenako ukalamba, kunenepa kwambiri, khansa, opaleshoni ya posachedwa, kugonekedwa m'chipatala kapena kugona kunyumba masiku angapo osadzuka, mwendo womangidwa pulasitala, mimba, mankhwala okhala ndi homoni ya akazi ya estrogen, ndi ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo. Zinthuzi zimaunjikana, chimodzi pachokha mwina si kanthu koma zitatu zinayi zikakumana sabata imodzi ndi pamene zimachitika. Mwachitsanzo mayi wonenepa amene matenda amulusira, wawonjezeredwa prednisolone, kenako wadwala chibayo wagona masiku asanu osadzuka.

Fodya ndimutchule payekha. Amathandizira kuyambitsa nyamakazi ya rheumatoid, amailusitsa, amachititsa kuti mankhwala asagwire bwino ntchito, ndipo amaononga mitsempha. Palibe chinthu chimodzi chimene wodwala angasiye n'kupindula mbali zambiri ngati fodya.

Ndine mayi, za kulera ndi mimba zili bwanji?

Mapilitsi olera okhala ndi estrogen amakweza chiopsezo cha DVT kwa mkazi aliyense, makamaka chaka choyamba. Sikuti wodwala rheumatoid aliyense ndi oletsedwa, koma ngati munadwalapo DVT, muli ndi ma antibody a antiphospholipid aja, mumasuta muli ndi zaka 35 kupita m'tsogolo, kapena simutha kuyenda, estrogen si wanu. Lupu ndi kaimpulanti ka pamkono zilibe estrogen. Kulera n'kofunikabe kwambiri ngati mukumwa mankhwala a nyamakazi a methotrexate kapena leflunomide chifukwa amaononga mwana m'mimba. Mahomoni a amayi osiya kusamba nawonso, akumwa amakweza chiopsezo kuposa omata pakhungu.

Mimba payokha imapangitsa magazi kuundana msanga, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata 6 mutachira. Chomvetsa chisoni n'choti nthawi yomweyi ndi imene nyamakazi imakonda kubwerera mwamphamvu, poti kwa amayi ambiri imakhala itagona ali oyembekezera. Makamaka ngati mwachira ndi opaleshoni funsani ngati mukufunika majakisoni a heparin oletsa magazi kuundana. Warfarin, mapilitsi oletsanso magazi kuundana, nthawi zambiri sapatsidwa kwa oyembekezera koma woyamwitsa atha kumwa.

Andiuza kuti ndikasinthidwe bondo, nditani?

Opaleshoni yosintha bondo kapena chiuno ndi imodzi mwa zimene zimabweretsa DVT kwambiri kwa munthu aliyense, n'chifukwa chake amapereka mankhwala oteteza, masiku 10 mpaka 14 pa bondo ndipo pa chiuno amatha kufika masiku 35. Malizani onse olo mwatuluka m'chipatala ndipo mukumva bwino. Akakuuzani kuti muimirire tsiku lomwelo kapena mawa lake si nkhanza, kuyenda msanga ndi mankhwala. Ngati zala zanu ndi zopindika moti simungathe kudzibaya jakisoni kapena kukoka masokosi othina aja, nenani musanatuluke kuti aphunzitse wokusamalirani kapena akupatseni akumwa, ambiri amachita manyazi n'kukangosiya zinthuzo mu kabati. Kambiranani msanga za mankhwala anu a nyamakazi, ena amaimitsidwa kaye opaleshoni isanachitike.

Ndipo nthawi iliyonse mwagonekedwa pa chifukwa china chilichonse, ndi ufulu wanu kufunsa kuti kodi mwaona ngati ndikufunika zoteteza magazi kuundana.

Ulendo wautali?

Kukhala malo amodzi maola oposa 4, kaya mu ndege, mu basi kapena mu galimoto. Khalani cha m'mphepete mwa kanjira kuti muzitha kuimirira, ngati simungathe muzikweza zala za kumapazi m'mwamba ndi kuzitsitsa maulendo angapo ola lililonse, imwani madzi, pewani mowa ndi mapilitsi ogonetsa. Amene anadwalapo DVT kapena achitidwa opaleshoni posachedwa akambirane ndi adokotala asananyamuke.

Masiku amene sinditha kuyenda n'komwe ndingatani?

Olo muli pabedi akatumba atha kugwira ntchito. Pindani phazi kuloza kumutu kenako kuloza kutsogolo, zungulizani kakolo, pindani bondo n'kuliwongola mpaka pamene ululu ukulolani. Dzukani mupite kuchimbudzi nokha ngati n'kotheka ngakhale mogwira khoma, osamachepetsa kumwa madzi pofuna kupewa kudzukadzuka, ambiri amachita zimenezi ndipo n'zobwezera m'mbuyo. Koma ngati kulusa kwa matenda kwakugonetsani masiku angapo ndiye kuti mankhwala anu akufunika kuonedwanso, musangopirira.

Ndizimwa aspirin tsiku lililonse kuti magazi asaundane?

Osati mwa inu nokha. Aspirin amathandiza kwambiri pa mitsempha ya mtima ndi ubongo kwa anthu amene anadwalapo kale, pa DVT mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi mankhwala enieni. Ndipo munthu amene akumwa kale prednisolone kapena diclofenac akawonjezera aspirin akuitana zilonda za m'mimba ndi kutaya magazi.

Akandipeza nazo chithandizo chake n'chotani, chigwirizana ndi mankhwala anga?

Amapereka mankhwala oletsa magazi kuundana, ntchito yake ndi kuti oundana kalewo asakule komanso ena asayambe, thupi limasungunula lokha pang'onopang'ono. Pali majakisoni a heparin monga enoxaparin, pali warfarin, ndi atsopanowa monga rivaroxaban ndi apixaban. Nthawi yochepetsetsa ndi miyezi 3, ena amapitiriza kwa nthawi yaitali kutengera chimene chinayambitsa. Warfarin amafuna kuyezetsa INR pafupipafupi, kuyeza koona mmene magazi akuchedwera kuundana, nambala yofunika nthawi zambiri ndi pakati pa 2 ndi 3, ndipo amasokonezeka ndi mankhwala ambiri kuphatikizapo ma antibayotiki ena. Mukakhala pa warfarin ndiwo zamasamba obiriwira musasiye, chofunika ndi kudya mofanana sabata ndi sabata. Amene ali ndi antiphospholipid syndrome, matenda obwera ndi ma antibody aja, nthawi zambiri amawaika pa warfarin osati atsopanowa.

Povuta kwa wodwala nyamakazi ndi pa mankhwala a ululu. Ibuprofen, diclofenac, naproxen ndi aspirin akaphatikizana ndi oletsa kuundanawa chiopsezo chotaya magazi chimakwera kwambiri, nde nthawi zambiri amakusiyitsani, mumatsala ndi paracetamol ndi zina zimene adokotala angakupatseni, ndipo mpamene zimafunikanso kwambiri kuti nyamakaziyo igonetsedwe bwino. Mankhwala azitsamba ndi ogula nokha muziwatchula, ena monga St John's wort ndi ginkgo amasokoneza. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, mkodzo wa magazi, kamfuno kosasiya, kusanza magazi, msambo wochuluka modabwitsa, kapena mwagwa n'kumenyetsa mutu olo mukumva bwino, thamangani kuchipatala. Methotrexate ndi ma TNF inhibitor ambiri amapitiriza, JAK inhibitor nthawi zambiri amasinthidwa.

Kodi sitiroko ndi matenda a mtima ndi nkhani yomweyi?

N'zapachibale koma mitsempha yake ndi ina. Izi zimachitika m'mitsempha yochotsa magazi ku mtima, mafuta amaunjikana m'khoma, kutupa kumafulumizitsa, tsiku lina pamang'ambika n'kuundana magazi pamenepo. Odwala rheumatoid chiopsezo chawo cha matenda a mtima ndi chokwera ndi pafupifupi theka, moti bungwe la akatswiri a nyamakazi ku Ulaya, EULAR, limalangiza kuti powerengera chiopsezo cha mtima cha wodwala, nambalayo ichulukitsidwe ndi 1.5. Nde BP, shuga ndi kolesterolo muziyezetsa, musamangokamba za mfundo zokha mukapita ku kiliniki.

Zikachitika kamodzi zingabwerenso, mwendo umabwerera mwakale?

Zingabwere, makamaka ngati panalibe chifukwa chodziwika ngati opaleshoni, kapena ngati matenda akadali olusa pamene mukusiya mankhwala oletsa kuundana, n'chifukwa chake tsiku losiya liyenera kugwirizanidwa pakati pa dokotala wa nyamakazi ndi amene akuyang'anira za magaziwo, osati poti mapilitsi atha m'botolo.

Za mwendo, ambiri umachira bwinobwino pakatha masabata kapena miyezi. Ena timavavu ta mu mtsempha timaonongeka nde mwendo umatsala wolemera, umatupa madzulo, khungu la pa kakolo limada ndi kuyabwa, pena mpaka chilonda chosapola msanga. Kuyenda kumathandiza, kukweza mwendo pa pilo mukakhala pansi kumathandiza, masokosi othina amachepetsa kutupa kwa ena bola akhale oyezedwa bwino. Ngati munali ndi PE ndipo patha miyezi 3 mukumwa mankhwala koma phuma silikutha, bwererani mukanene, pali vuto lina la BP ya m'mitsempha ya m'mapapo limene limatsalira mwa anthu ochepa ndipo amaliyeza poyamba ndi sikani ya mtima.